Mtundu watha kapena vuto ndi lina? Zoti mufufuze nkhuku, akalulu, nkhumba ndi chimanga zikayamba kubereka zachilendo

Funso ili silikutha ayi. Kaya ndi ku Machinjiri, ku Bangwe, ku Chilomoni olo kumidzi ya ku Lunzu ndi Chileka uku, aliyense woweta kuseli kwa nyumba tsiku lina amafunsa ndithu: ndinayamba ndi nkhuku zabwinobwino koma pano anapiye akufera m'mazira, oswawo ndi onyentchera, kodi mtundu watha? Wina ndi akalulu, wina nkhumba, wina chimanga choti chaka chatha chinadzaza matumba koma chaka chino munda womwewo chachita zake. Nde ndati ndingolemba zonse pamodzi, munthu azingopita pa chizindikiro chimene akuchiona.

Nkhani ya magazi ndi yeniyeni koma anthufe timailakwitsa pawiri. Ena chilichonse akuti mtundu, mpaka kugulitsa tambala wabwinobwino pomwe vuto ndi gaga yekhayekha amene akudyetsayo. Ena sakuiganizira n'komwe, tambala mmodzi zaka zinayi akukwera ana ake ndi zidzukulu zomwe, zikavuta n'kumati aneba achitapo zinazake. Pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chimene chimachitika kawirikawiri kumatsika mpaka chosowa, ndiye musalumphe kuthamangira kumunsi.

## Zoti mudziwe kaye, mwachidule

Chamoyo chimatenga majini, tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa, awiriawiri, imodzi kwa bambo ina kwa mayi. Jini ina ndi yamphamvu, imaonekera olo ili yokha. Ina ndi yobisala, siionekera mpaka mwana atalandira ziwiri zofanana kuchokera mbali zonse. Wasayansi wina, Gregor Mendel, anaziona izi pa nsawawa m'dimba lake ku Brno ku Ulaya n'kuzilemba mu 1866, ndipo masamu ake sanasinthe mpaka lero: makolo awiri akakhala kuti onse abisa jini yomweyo, mwana mmodzi mwa anayi alionse amatuluka nayo poyera.

Vuto la chibale lagona pamenepo. Achibale amabisa majini oipa ofanana chifukwa anawatenga kwa gogo mmodzi. Bambo akakwera mwana wake, kapena mlongo ndi mlongo wake a bere limodzi, mulingo wa chibale mwa ana umakhala 25 peresenti. A bambo mmodzi amayi osiyana ndi 12.5. Bambo yemweyo akadzakweranso mdzukulu amene alinso mwana wake zimafika 37.5, ndipo choyamba kugwa chimakhala kubereka ndi mphamvu ya ana, maonekedwe amatsalira, n'chifukwa chake munthu umachedwa kuzindikira.

## Mazira sakuswa bwino

Musanaimbe mlandu aliyense, unikani mazira. Usiku, tochi ya foni yomweyi, tsiku la 7 mpaka la 10 chiyambireni kufungatira. Dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ndi kadontho kakuda. Loyera mbee mulibe kanthu. Ndipo masiku 21 akadutsa muwonjezere awiri, kenako otsalawo musangotaya kudzala, kaswereni panja kutali ndi khomo chifukwa fungo lake si lamasewera, muone zili mkatimo. Mukapeza chachikasu chokha ndiye tambala sanagwire ntchito kapena dzira linafa lisanayambe. Mukapeza mphete yamagazi, linafa masiku oyambirira. Mukapeza mwanapiye wathunthu ndi nthenga zomwe, wafera kumapeto ndipo kawirikawiri apo ndi kutentha kapena chinyezi.

1. Mazira okhalitsa kapena osungidwa potentha. Ichi ndiye chambiri. Dzira loti lifungatiridwe lisapitirire sabata, likachuluka masiku 10, ndipo likhale pozizira, kosongoka kuloza pansi, osati pawindo kapena pafupi ndi mbaula. Lembani deti ndi pensulo pa dzira lililonse.
2. Kufungatira kosokonekera. Thadzi lachikuda lalikulu bwino limakwanitsa mazira 10 kapena 12, mukaliunjikira 18 a m'mphepete amazizira ndipo poti limawatembenuza onse amalawako kuzizirako. Onaninso utitiri ndi nsabwe m'chisa, zimadzutsa thadzi pafupipafupi. A makina oswera mazira, kutentha kukhale pa madigiri 37.5, ikani themomita ina yapadera mkatimo osangokhulupirira manambala a pagalasi, ndipo lembani maola amene magetsi anathima.
3. Tambala. Wakalamba, wanenepetsa, kapena mathadzi amuchulukira. Mmodzi pa mathadzi 8 mpaka 10 zimayenda. Atambala akachulukanso amangokhalira kumenyana ndi kugwetsana pamsana pa thadzi.
4. Chakudya cha makolo. Gaga yekha sapanga dzira lamphamvu. Onjezerani soya wokazinga, usipa wosinja, masamba, ndi zigoba za mazira zowotcha.
5. Chibale. Muchiganizire ngati zinayi zapamwambazi zili bwino koma kuswa kukutsika chaka ndi chaka, pang'onopang'ono osati mwadzidzidzi, ndipo tambala wanu anabadwira m'khola lomwelo. Mankhwala ake ndi tambala wochokera kwina, basi, ndipo kusintha kumaoneka pa m'badwo woyamba womwe.
6. Majini akupha. Ndi zosowa koma zilipo. Pali mtundu wina wa nkhuku zamiyendo yaifupi woti mwanapiye akalandira jiniyo mbali zonse amafera m'dzira masiku oyambirira, ndiye mukakweretsa zazifupi zokhazokha dzira limodzi mwa anayi limapita olo musamale bwanji. Yaifupi muikweretse ndi yamiyendo yabwinobwino.

Kuswa kukagwa kamodzin'kamodzi, mwezi watha bwino mwezi uno ziro, si magazi amenewo. Magazi sasintha pa mwezi. Yang'anani makina, matenda kapena fidi amene mwagula kumene.

## Anapiye opunduka: miyendo yotang'adza, zala zopindika, milomo yopingasa

1. Pansi poterera. Nyuzipepala, pulasitiki, katoni yosalala. Mwanapiye wa tsiku limodzi akamatereka miyendo imatang'adza. Yalani chiguduli, utuchi kapena mankhusu a mpunga, ndipo wotang'adza kaleyo mumange miyendo momasuka ndi kansalu kwa masiku angapo, ambiri amawongoka.
2. Makina anatenthetsa kapena kuzizira. Chizindikiro chake n'choti opundukawo ndi ambiri pa ulendo umodzi, ndipo aswa mofulumira kapena mochedwa kuposa tsiku la 21.
3. Kusowa mavitamini. Zala zopindikira mkati pa sabata yachiwiri nthawi zambiri ndi kusowa vitamini B2. Mavitamini a m'madzi ogula kwa ogulitsa mankhwala a ziweto amathandiza mukafulumira.
4. Chibadwa. Apa mumaona chilema chomwechomwecho chikubwerabwera kwa makolo omwewo, olo mazira afungatiridwe ndi thadzi lina. Mlomo wopingasa ndi umene umakonda kutero. Mwanapiye wotere akhoza kukula n'kudyedwa bwinobwino, koma asaberekenso, ndipo tambala ndi thadzi limenelo musazikweretsenso pamodzi.

Nkhuku yokulirapo, ya miyezi iwiri kupita mtsogolo, ikayamba kufa miyendo, wina kutsogolo wina kumbuyo, amenewo akhoza kukhala matenda a Marek, si chilema chobadwa nacho. Apa itanani a vetenale.

## Anapiye sakufanana ndi tambala amene ndinagula

Apa ndi pamene anthu amakangana ndi ogulitsa, kuti munandinamiza si mikolongwe yeniyeni iyi. Pena n'zoona anakunamizani, koma onani izi kaye.

1. Tambala wina anadutsapo. Nkhuku zoyendayenda m'makwalala a ku Ndirande kapena Chirimba mulibe mpanda woletsa tambala wa aneba. Komanso thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi mpaka masabata awiri kapena atatu, nde mukagula tambala watsopano Loweruka n'kuyamba kutolera mazira Lolemba, anapiyewo akhoza kukhala a tambala wakale uja olo munamudya kale. Tsekerani mathadzi ndi watsopanoyo masabata atatu, kenako muyambe kusunga mazira.
2. Makolowo ndi osakaniza kale. Mikolongwe, dzina lake lenileni Black Australorp, inachokera ku Australia ndipo boma lakhala likuifalitsa kwa zaka zambiri kuchokera ku Mikolongwe ku Chiradzulu kuti izikwerana ndi zachikuda. Ndiye yakuda iliyonse imene mwaiona pamsika si yeniyeni, zambiri ndi zidzukulu zosakanikirana. Utoto wakuda ndi wamphamvu, umaphimba ina, kenako pa ana mumaona zofiira, za kawangi, zina za tsumba.
3. Jini yobisala yatulukira. Nkhuku ziwiri zamawanga zitha kubereka mwanapiye woyera mbee ngati zonse zinabisa kuyerako. Palibe cholakwika, si matenda.
4. Majini oti theka limaoneka mwina, athunthu mwina. Awa ndi osangalatsa. Zina mwa nkhuku za chiphulusa, mukakweretsa ziwiri, theka la ana ndi chiphulusa, mmodzi mwa anayi wakuda, mmodzi mwa anayi woyera wamadonthomadontho, ndipo olo mutasankha zaka khumi simudzapeza khola la chiphulusa chokhachokha. Kansilanga nayenso chimodzimodzi: jini imodzi imapinda nthenga bwinobwino, koma mwanapiye akalandira ziwiri nthenga zimakhala zothothoka, zophwanyika, nkhuku kumangokhala ngati yayamba kusosoledwa, ndipo m'chisanu cha June ndi July kuno imavutika kwambiri. Kansilanga azikwerana ndi ya nthenga zosalala. Kameta, wopanda nthenga m'khosi uja, sakudwala ayi, ndipo ine ndimaona kuti timamunyoza mosayenera, chifukwa kumalo otentha ngati ku Chileka kutsikira ku Chikwawa amapirira kutentha kuposa anzake.

## Ndasunga mabuloyila kapena maleya kuti ndiziswetsa ndekha, ana sakuchita bwino

Apa palibe zambiri zofufuza, choyambitsa ndi chimodzi ndipo si inu munalakwitsa kasamalidwe. Buloyila ngati Cobb 500 kapena Ross 308, ndi leya ngati Hy-Line kapena Lohmann Brown, ndi hayibulidi. Makampani amasunga mizere ya agogo payokhapayokha n'kuiphatikiza kuti mwana wogulitsidwayo akule m'masabata 6 kapena aikire mazira pafupifupi 300 pa chaka. Inu mukakweretsa anawo okhaokha majini aja amamwazikanso, zimakhala ngati mwasakaniza nyemba zamitundu inayi m'lichero n'kumatapa osayang'ana, wina atuluka wamkulu wina kakang'ono.

- Buloyila akakula osamuchepetsera chakudya amalemera mpaka kulephera kukwera, miyendo ndi mtima zimagonja.
- Leya anachotsedwa khalidwe lofungatira, musadikire kuti tsiku lina akhala pa mazira.
- Za maleya ofiira zoti wamkazi ndi wamwamuna amasiyana mtundu tsiku loswa, zimagwira pa m'badwo wogulawo basi, pa ana awo zimasokonekera.

Ngati geni yanu ndi ya nyama kapena mazira ogulitsa, gulani anapiye atsopano ulendo uliwonse. Ngati mukufuna zoti muziswetsa nokha, pitani ku mikolongwe kapena zachikuda zosankhidwa bwino. Kuroiler ndi Sasso nazonso ndi zophatikiza, ana ake amasiyanasiyana.

## Akungoswa atambala okhaokha

Ndi mwayi chabe. Pa anapiye 8 kupeza atambala 6 si zachilendo, muwerenge anapiye 50 kapena 100 muona zikuyandikira theka ndi theka. Ndipo musaphe tambala chifukwa cha ichi, kwa nkhuku amene amagamula kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi ndi thadzi, lili ndi tinthu tiwiri tosiyana togamula zimenezi, Z ndi W, pomwe tambala ali ndi tofanana, ZZ. Kwa anthu, mbuzi ndi nkhumba ndi mosemphana, mbewu ya bambo ndi imene imabweretsa X ya mwana wamkazi kapena Y ya wamwamuna, nde azibambo amene mumadandaula kuti mayi akunyumba akungobereka atsikana, nkhaniyo si ya iwo. Zoti dzira losongoka ndi tambala lozungulira ndi thadzi, sizigwira.

## Akalulu

Ana ochepa, kapena akufa sabata yoyamba. Yambani ndi izi: mayi ndi woyamba kumene kubereka, bokosi loberekera mulibe kapena ndi lonyowa, madzi akumwa akusowa, makoswe ndi agalu akumuopseza usiku, kutentha kwa October kwafooketsa wamphongo. Zonsezi zikakhala bwino ndiye funsani kumene munagula. Ambirife timagula awiri, wamkazi ndi wamwamuna, kwa munthu mmodzi tsiku limodzi, amenewo pafupifupi nthawi zonse ndi a bere limodzi, ndipo poti bere la kalulu ndi la masiku 31 okha, chaka chisanathe khola lonse ndi chibale chokhachokha. Wamphongo mukagule kwina, wamkazi kwina.

Mano otalika opindika, kalulu akulephera kudya, dovu kuchucha. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse ndipo amaperesedwa ndi udzu. Wamkulu akayamba izi, kawirikawiri akudya zofewa zokhazokha kapena anathyola dzino pa waya. Koma zikaoneka pa ana a miyezi iwiri kapena itatu, angapo pa bere limodzi, chimenecho ndi chibadwa, nsagwada sizikumana bwino. Musadule ndi pulayala, dzino limang'ambika mpaka ku muzu. Ameneyo ndi wa ndiwo, ndipo makolo ake asakwerane kachiwiri.

Woyera wa maso ofiira kuchokera kwa makolo akuda kapena otuwa. Onse awiri anabisa jini yoyera, mwina kwa gogo wa New Zealand White. Ndi wabwinobwino. Ndinenepo pang'ono apa poti lamulo lake ndi lomweli kwa anthu: mwana wachialubino amabadwa pamene bambo ndi mayi onse ali ndi jiniyo olo onse akhale a khungu lakuda, chimodzimodzinso matenda a sickle cell, mimba iliyonse mwayi wake ndi umodzi mwa inayi. Si kuti mayi anayenda panjira kapena anatembereredwa. Za anthu musafunse ife oweta, pitani kuchipatala, ku Queens kapena chapafupi ndi kwanu, akakuuzeni za kuyezetsa ndi kasamalidwe.

## Nkhumba ndi mbuzi

Nkhumba yabereka ana ochepa kapena ofooka.

1. Yakweretsedwa nthawi yolakwika. Iyenera kuima nji mukaikanikiza pamsana, ndipo ikwerane kawiri, motalikirana maola 12 kapena kuposerapo pang'ono.
2. Ndi bere loyamba, kapena munaikweretsa ikadali yaing'ono. Dikirani ifike miyezi 7 kapena 8.
3. Chakudya pa masiku 114 a bere chinali madeya ndi madzi basi.
4. Matenda, makamaka ngati ena abadwa akufa kapena ouma.
5. Chibale, ndipo m'makomboni mwathu muno chimalowera pa khomo loti simungaliganizire. Dera lonse mphongo ndi imodzi, aliyense amakabwereka n'kulipira kamwana kamodzi. Kamwana kaja ndi mwana wa mphongo yomweyo, kakulira m'khola la mwini mphongo, kakakula akukweretsa ndi bambo ake, ana akewo n'kugulitsanso kwa inu nomwe ngati mbewu yatsopano. Funsani mwini mphongo kuti anaitenga kuti ndipo yakhala zaka zingati, akakwiya ndi funsolo pitani kwina.

Kamwana kotupa pamchombo kapena kumachende. Pamchombo nthawi zambiri chimayamba ndi chilonda cha mchombo chimene chinalowa dothi, nde pakani ayodini tsiku lobadwa. Kumachende, mbali imodzi yaikulu yofewa yoti mukakanikiza imabwerera mkati, amenewo ndi matumbo atsikira m'thumba ndipo zimayenda m'magazi. Musafule nokha kotere, mukangocheka matumbo amatuluka. Kobadwa kopanda potulukira ndowe, kapena tchende limodzi losatsika, nazonso zimatsata mtundu. Zikaoneka pa mabere awiri a mphongo imodzi, mphongoyo ipume.

Mbuzi zikucheperachepera msinkhu. Njoka zam'mimba ndi msipu wochepa ndiye zoyamba, tsegulani chikope muone, chikakhala choyera m'malo mofiirira ndi kuchepa magazi chifukwa cha njoka. Chachiwiri ndi kubereka ikadali yaing'ono. Chachitatu ndi khalidwe lathu lomwe, tonde wamkulu wonenepa ndi amene timagulitsa pa Khirisimasi kapena pa Eid chifukwa ndiye wa ndalama, m'khola n'kutsala kachitonde kokwinimbira kamene kakukwera amake ndi alongo ake, poti katonde kamayamba kukwera pa miyezi 4 kapena 5 yokha. Fulani onse osafunika asanafike pamenepo, wabwinoyo ndiye atsale.

Mwachidule ziwiri zina. Tonde wa Boer pa msoti waung'ono wachikuda, mwana amatha kukula mutu n'kukanirira pobadwa, mumupatse zazikazi zoti zinaberekapo. Ndipo a mbuzi zamkaka ngati Saanen, musakweretse ziwiri zobadwa zopanda nyanga, ana ena aakazi amatuluka osadziwika bwino kuti ndi amuna kapena akazi ndipo sabereka.

## Chimanga

China chachitali china chachifupi, ngayaye kutuluka nthawi zosiyana, zokolola zatsika. Imani pamwamba pa chulu kapena m'mbali mwa munda muone kaye mmene kuipako kwayalira. Ngati choipa chili chigawo chimodzi, kumtunda kokokoloka, pansi pa mtengo, pamene pamadikha madzi, ndiye ndi nthaka. Ngati mumzere umodzi womwewo phando ili lalitali lotsatira lalifupi lotsatira lapakati, munda wonse choncho, ndiye ganizirani mbewu.

1. Feteleza, kubzala mochedwa, mvula, kaufiti, mbozi. Izi ndiye zimadya matumba ambiri kuposa china chilichonse.
2. Mwabwereza hayibulidi. Kanyani, Mkango, Njobvu, ma DK, ma MH, zonsezi mphamvu yake ili pa m'badwo wa m'paketi. Mukatapa munkhokwe n'kubzala, theka la mphamvu yowonjezera ija limapita chaka choyamba chomwe, ndipo kufanana kuja kumatha. Kusankha zisononkho zikuluzikulu sikubweza. Ndikudziwa mtengo wa mbewu ukuwawa, koma kuthira feteleza wodula pa mbewu yobwereza ndi pamene ndalama imatayikira kwambiri, bola kuchepetsa munda.
3. Mbewu yachinyengo. Chimanga wamba chopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, paketi yosatsegula, sungani lisiti ndi paketiyo mpaka mukolole. Musanabzale yesani njere 100 pa chiguduli chonyowa, pakatha sabata muwerenge zamera.
4. Mbewu yololedwa kubwereza koma yatopa. ZM 523 ndi ZM 623 si hayibulidi, mutha kubwereza mpaka zaka zitatu kenako mugule ina. Chamakolo chimapitirira, koma chimafooka mukamasunga mbewu ya zisononkho zisanu zokha chaka ndi chaka, chimenecho ndi chibale cha kumunda. Sankhani chikadali m'munda, pakati osati m'mphepete, pa mapesi ambiri, mazana angapo ngati munda ukulola.

Njere zachikasu kapena zofiirira pa chisononkho choyera. Mungu wa munda wa aneba. Chimanga chimaberekana ndi mphepo, ndevu iliyonse ndi njere imodzi ndipo njere iliyonse itha kukhala ndi bambo wakewake, nde mtundu wa bamboyo umaonekera chaka chomwecho. Kudya palibe vuto. Ngati ndi cha mbewu, munda utalikirane ndi wina mamita 200 kapena kuposa, zomwe m'timinda ta m'tauni ta m'mbali mwa Mudi ndi Naperi sizingatheke, ndiye njira ndi kusiyanitsa kabzalidwe ndi masabata atatu kapena anayi kuti ngayaye zisakumane.

Chisononkho cha mipatamipata. Si mtundu. Mungu unachepa, mwina ng'amba inagunda nthawi ya ngayaye, mwina mwabzala mzere umodzi wautali m'mbali mwa mpanda mphepo n'kumauluzira mungu kumsewu. Bzalani mizere ingapo yoyandikana.

Timbewu toyera mbee tikangomera, kenako kufa. Apo ndi apo m'munda wa mbewu yobwereza, ndi jini yobisala, kambewuko kalibe zobiriwira zopangira chakudya ndipo kamafa chakudya cha m'njere chikatha. Koma masamba a mizeremizere yachikasu pa mbewu zambiri ndi matenda kapena kusowa michere, aoneni alangizi.

Sichikukonoka bwino, anankafumbwe achilowa msanga. Ndi mtundu wa njere. Chamakolo ndi cholimba, mahayibulidi ambiri ndi ofewa, n'chifukwa chake a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990 kuti alimi apeze hayibulidi yokonoka. Pogula funsani ngati njere yake ndi yolimba.

Tomato nayenso, paketi ikalembedwa F1 ndi hayibulidi, musafinye njere zake kuti mufese. Tengeru mutha kusunga.

## Kusintha mphongo osabweretsa maliro m'khola

Anthu ena amva za chibale, athamangira kumsika wa ku Lunzu kapena ku Limbe, agula tambala, madzulo omwewo amuponya m'khola, sabata yamawa chitopa chasesa zonse. Chitani motere:

- Gulani pakhomo pa woweta, muone khola lake ndi makolo ake. Wa aneba oyandikana nawo sathandiza kwenikweni, nkhuku zanu ndi zawo zinakwerana kalekale.
- Watsopano akhale payekha masabata awiri kapena atatu, mumpatse katemera wa chitopa wa I-2 wodonthezera m'diso uja, ndi mankhwala a njoka ndi nsabwe.
- Pewani kugula nkhuku nyengo yotentha ya September mpaka November pamene chitopa chimavuta.
- Tambala ndi kalulu wamphongo asinthidwe chaka chilichonse, tonde ndi nkhumba yamphongo ana ake aakazi asanafike pokweredwa.
- Kope la sukulu limodzi likwanira: mayi ndani, bambo ndani, anabadwa angati, anafa angati. Popanda ichi zonse ndalemba pamwambazi muzingoganizira.

## Apa siyani, itanani a vetenale kapena alangizi

- Nkhuku zikufa zingapo pa tsiku, zikutsegula m'mimba zobiriwira, kupinda khosi, kupuma mobanika. Chitopa chilibe mankhwala, ndipo si nkhani ya mtundu.
- Nkhumba zatentha thupi, zasiya kudya, makutu ndi mimba zafiira, zikufa motsatizana. Chikhoza kukhala chigodola, kuno chilibe katemera olo mankhwala. Musagulitse nyama, musasamutse nkhumba, musabwereketse mphongo, kaneneni ku ofesi ya zaulimi tsiku lomwelo.
- Mbuzi kapena nkhumba zingapo zataya bere motsatizana. Musagwire zotulukazo ndi manja, matenda ena otere amagwiranso anthu, ndipo mayi woyembekezera asayandikire.
- Mbuzi yakhala ikudzikakamiza kubereka kwa theka la ola mwana osatuluka. Musakoke mwamphamvu.
- Kufula kamwana ka nkhumba kotupa kumachende, kapena kobadwa kopanda potulukira ndowe.
- Chilema chomwecho chabwera pa mabere awiri kapena atatu olo mwasintha mphongo.
- Mbewu yogula yamera moperewera kapena yatuluka yosiyana ndi zolembedwa pa paketi. Alangizi a ku EPA yanu, ofesi ya zaulimi ya m'dera, kaya ndi Lunzu, Lirangwe kapena ina, abwere aone chimanga chikadali m'munda, mutenge paketi ndi lisiti.

Popita kumeneko nyamulani kope lija, zithunzi za pafoni, ndipo ngati chiweto chafa kumene musachikwirire kapena kuchitumbula asanakuuzeni chochita.